Pansi Poopa Madzi

Si matabwa enieni, ndinadziwa tsiku lomwelo
Lingisoni atatsitsa makatoni pa lole ya ku Joni
nang'amba imodzi ndi kiyi.
Chithunzi chabe cha mtengo, chomata pa utuchi wopanikiza.
Ndinalulutirabe,
poti anali atapita zaka zisanu ndi chimodzi
ndipo ichi ndicho anabwera nacho,
ichi, ndi chifuwa chija.

Anayala yekha, chogwada, masiku atatu,
thabwa kuluma thabwa linzake, kho! kho!
Chilomoni yense anadzasuzumira pakhomo.
Lamineti, anatero, akupukuta thukuta ndi chipewa,
ndipo malamulo ake ndi awa, Nasibeko:
iwala kobra,
iwala chikolopa chodontha.
Pansi apa pamaopa madzi kuposa mchere.

Ine wokulira ku Ndirande,
kumene tinkakhuthula ndowa yonse pa simenti
n'kukankhira thovu kunja ndi tsache,
ndinayambanso sukulu ndili ndi imvi ziwiri.
Tsache lofewa, m'mawa uliwonse,
chifukwa mchenga ndi kapsala, umakanda mwakachetechete.
Viniga, kachivindikiro kamodzi m'madzi ofunda.
Nsanza uifinye mpaka mikono idandaule,
uifinyenso,
kenako utsate mzere wa thabwa, osaupingasa.
Tiyi akatayika, siya nkhani pakati, thamanga.
Miyendo ya mipando anaiveka zigamba za bulangete
ngati ana opita ku sikelo m'mwezi wa Juni.
Tinakangana kangati chifukwa cha madontho atatu?

Anatisiya mu Januwale, mvula ili pakamwa pa Michiru.
Anthu anabwera, Mulungu awadalitse,
ndi matope onse a ku Nthukwa kumapazi.
Achinyamata anakwekwesa mipando potulutsa.
Maambulera anaimikidwa pakona, akudontha ngati denga la kumpanda.
Usiku wachiwiri, nyimbo ili pakati,
mwana wina anagubuduza ndowa.

Ndinawaona madziwo.
Ndinawaona akukwawa pansi pa mphasa,
akufunafuna mpata pakati pa matabwa,
ndipo thupi langa linadzuka lokha kukatenga nsanza.
Amayi a Mvano anandigwira mapewa:
Limbani mtima, mayi, khalani pansi.
Ankayesa ndikuthamangira kubokosi.
Ndinakhala.
Namfedwa sakolopa.
Madzi anagona m'nyumba mwanga mpaka kunja kunayera.

Lero pafupi ndi chitseko cha kuchipinda
matabwa awiri anafufuma, anatukula milomo
ngati munthu wofuna kunena kanthu
koma waona kuti pali alendo.
Mmisiri wa ku Limbe anagogodapo ndi chala, napukusa mutu:
chikafufuma chafufuma, mayi, sichibwerera.
Kunsi kwa bedi kuli matabwa anayi otsala,
anawasunga mwini wake, atakulunga m'nyuzipepala.
Mwandida akabwera ku holide amati,
Amayi, ndi ntchito ya ola limodzi, tisinthe basi,
mudzapunthwa.

Ndimati mwezi wamawa.

Phazi langa limapadziwa pamenepo ngakhale magetsi atazima.
Limafika, limamva kakutumphuka,
limapereka moni, limadutsa.

Kwina konse ndimasamala monga anandiphunzitsira.
Chiperoni chikatsika ndimatseka mawindo msanga.
Alendo ndimawalozera chiguduli pakhomo,
ena amanong'ona kuti ndine wamatama, anene.
Dzuwa la masana likalowa pa windo la kumadzulo
pansi pamawala mwaulemu, osati ngati kobra wodzionetsera,
ndipo timizere ta mipando ija timaoneka tonse,
tolunjika kukhomo,
njira imene anatulukira.

Ndimafinya nsanza.
Ndimaifinyanso.
Ndipo zikandifika pakhosi, monga zimachitira Lachisanu madzulo
malole a ku Joni akamalira pa msewu,
ndimapita kukhitchini, pa simenti yakale yosweka ija,
pamene madzi
saononga kanthu.