Chala ndi Theka

Bambo Pengelly a m'chipinda nambala naini
anatulutsa lula yamtengo m'kabati,
nayala mapu pamwamba pa mawondo awo ofota.
Exeter apa. Newcastle apo.
Anayeza, naluma pensulo, nati:
makilomita mazana asanu osakwana
mbalame ikalunjika osakhota.
Ine ndinayeza ndi dzanja lonunkha sopo wa kuntchito:
chala chimodzi ndi theka.

Chala ndi theka
pakati pa ine ndi Ndaziona,
amene dzino lake loyamba linaguluka
ndili pa shifiti ya usiku.
Ndinalionera pafoni, lili m'kapu ya pulasitiki.

Chikalata changa chinandimangirira kuno
ngati mbuzi ya pachikhomo.
Cha bambo ake chinawakhomera kumpoto
komwe mphepo imalowa ndi m'mabatani momwe.
Tinagawana zinthu pabedi la lendi:
ine ketulo, iwo mwana.

Lula sidziwa kuti tikiti imeneyi
ndi mausiku atatu osagona,
kutembenuza matupi olemera, kupukuta, kusintha zofunda,
kuyankha belu lomwe lomwelo kasanu ndi kawiri
chifukwa mayi Tozer akufuna kudziwa ngati kwacha.

Lachisanu ndinapita.
Bwalo lake ndi laling'ono, depoti ya basi yovala tayi.
Anandivulitsa lamba, nanditayitsa mafuta odzola.
Tinayenda wapansi pamvula mpaka pamakwerero,
kandege ka zipupa ziwiri kakunjenjemera
ngati nako kamva chisanu.
M'chikwama nsapato zofiira
zomwe saizi yake ndinachita kulota.

Kumwamba kulibe mtunda.
Kuli mtambo, kuli phokoso lotsekera makutu,
kuli bambo wa pambali panga akuwodzera pa nyuzi.
Mtambo utang'ambika ndinaona minda yosokedwa zigamba
ndi nkhosa zomwazika ngati mpunga wotayika pamkeka.
Tiyi wanga asanazizire bwino
anati mangani malamba, tikutera.
Ola limodzi ndi timphindi.
Ndiye miyezi isanu ndi inayi ija inali ya chiyani?

Pakhomo lotulukira anabisala kuseri kwa jekete la bambo ake.
Anandisuzumira ndi diso limodzi.
Atalankhula, chinali Chingerezi cha kumpoto,
chokwera kumapeto ngati funso,
ndipo ine, mayi wake, ndinati: wati bwanji?
Nsapato tinayeza pabenchi pomwepo.
Chidendene chinakana.
Zinachepa ndi theka la chala.

Masiku awiri ndinamuluka tsitsi.
Poyamba anaumitsa khosi.
Lamlungu madzulo anatsamira yekha pamwendo panga
nagona, chipeso chili m'mutu.
Sindinasunthe mpaka mwendo unachita dzanzi.

Pobwerera woyendetsa anati mphepo ikutikankha kumbuyo,
tifika msanga.
Palibe anamufunsa.

Lolemba ndinalowa m'chipinda nambala naini
ndi beseni la madzi ofunda.
Bambo Pengelly anandiyang'ana ngati mlendo,
kenaka anakumbukira mapu, osati ine.
Ndinalondola kodi? anatero.
Munalondola, ndinatero, tukulani mkono.
Lula inali pawindo, dzuwa lofooka litaigonera.
Nsapato zofiira zili pansi pa bedi langa
ndi lisiti lake m'kati,
masiku obweza anatha dzana.