Tasamuka Lolemba

Lachisanu ndinazungulira ofesi yonse, kamndandanda m'thumba,
makompyuta makumi awiri ndi atatu,
kuzula pulogalamu yolandirira madandaulo
monga azulira chitsa chomwe aliyense ankatsamiritsapo njinga.
Mabwana a ku Lusaka anati musade nkhawa,
palibe chotayika, zonse mukazipeza pa bulawuza.
Mawu opepuka ngati makoko a nshawa.

Ya Mayi Esnati Njobvu ndinaisiya komalizira.
Zaka khumi ndi chimodzi kachizindikiro kabuluu
kali pakona yakumanzere,
pansi pa chithunzi cha mdzukulu womira m'yunifolomu.
Anandiyang'anitsitsa ndikudina.
"Iwe Ndawa, ukugwetsa nyumba ine ndili momwemo?"
Ndinati ayi mayi, tikungosamuka.
"Nanga lole ya katundu ili kuti?"

Lolemba, tiyi asanazizire,
dzanja lawo linapita lokha pakona paja
n'kudina popanda kanthu, kawiri,
ngati lilime lofunafuna dzino lozulidwa.
Ndinawalembera keyala pakapepala,
iwo n'kukamata pagalasi ndi selotepi
pamalo omwewo pomwe panali kabuluu.

Kenako foni inayamba kulira osapuma.
A ku Katete aiwala mawu achinsinsi.
A ku Chadiza atsegula mazenera asanu ndi awiri,
akufunsa lolowera ndi liti.
A ku Vubwi zii.
Ndinati abale, a ku Vubwi ndiye akatswiri,
mpaka Lachitatu kondakitala wa minibasi
anafika ndi kalata yopindidwa kanayi, fumbi lofiira m'mphepete:
"Netiweki kulibe.
Tikadandaule kuti, poti podandaulira pali pa netiweki pomwepo?"
Ndinaiwerenga, ndinaseka, ndinasiya kuseka.
Ndinailemba ndekha m'dzina lawo.

Madandaulo akale anawoloka onse usiku umodzi,
zikwi zinayi ndi kanthu,
ena atataya masiku awo panjira,
ena mayina atasanduka timabokosi.
Pakati pawo, nambala 3816, losatsekedwa:
Bambo Chikuse a ku sitolo ya feteleza,
omwe tinakawaika kwawo ku Mtenguleni dzinja lathali.
"Mbewa yanga ikukana kuyenda."
Ndikukumbuka tsikulo, anagwira m'mimba ndi phwete,
ati mwana wa kum'mawa weniweni
kugonja kwa mbewa, manyazi otani!
Ndinawalonjeza ina mawa lake.
Tsopano tsamba latsopanoli, loyera ngati mbale yotsuka,
likundifunsa mwaulemu:
Kodi vutoli latha? Inde. Ayi.
Ndinalisiya choncho.

Sabata yachiwiri mpando wa Mayi Njobvu unali wokha.
Amuna awo anagonekedwa kuchipatala chachikulu, shuga atakwera.
Koma pagalasi langa dzina lawo linkathwanima:
latsekedwa, latsekedwa, latumizidwa kwa Ndawa.
Nditapita kukazonda ndinawapeza pabenchi panja pa wodi,
chitenje m'mapewa, fulasiki pansi,
chala chikuyendayenda pa foni yong'aluka galasi.
Ndinati mwaona mayi, mwazolowera.

Sanandiyankhe msanga.
Anayang'ana mapiri a Kanjala akuda ndi utsi wa lupsa.
"Nyumba yako yatsopano ndi yabwino, siidontha.
Koma yakale ija inali ndi chitseko.
Ikakwana faifi ndinkazimitsa, n'kuvindikira kansalu,
mavuto a anthu n'kugona pomwepo mpaka m'mawa.
Iyi yanditsata mpaka kuno.
Bambo ako akubuula uko,
ine ndikuthandiza munthu wa ku Lundazi kupeza pulinta."

Ndinafuna kunena kuti pali podina kuti mutuluke,
pakona yakumanja, pamwamba.
Koma namwino anawaitana.

Potsika ku Kapata ndinakwera njinga ya hayala,
mnyamata akupalasa, thukuta likulemba mapu pamsana.
M'thumba mwanga munanjenjemera kamodzi, kenako kawiri.
Vubwi yabwerera pa netiweki.
Madandaulo a masabata awiri akulowa pamodzi
ngati mbuzi zothawa mvula,
ndipo loyamba likuti:
kachizindikiro kathu kabuluu kasowa, wakaba ndani?