Timiyendo Khumi

Lolemba magetsi athawanso ku Luwinga.
Makina ochekera matabwa ali duu,
nkhungu yalowa mpaka m'shedi ngati ili ndi oda,
ndipo a Chavula, osafuna kundiona nditapinda manja,
andikankhira chitini ndi phazi:
"Tiyezge, tsuka timiyendoto."

Timiyendo ta pulasitiki, tosongoka ngati tizulu,
timene timasenza chitseko chikamapakidwa penti
kuti chisagone pa utuchi.
Akuti pogula tinali tachikasu.
Ine ndinatipeza titavala kale
malaya pamwamba pa malaya.

Chaka chatha ndinafuna zachangu.
Ndinaviika kamodzi mu thina n'kupita kokagula mandasi.
Pobwera ndinapeza katagwada,
nsonga ili lobodo ngati kandulo wa pa dzuwa.
A Chavula sanakalipe.
Anangokaika pawindo, ndipo mpaka lero
kamandiyang'ana ndikamasesa.

Tsono lero ndi madzi ofunda a pambaula,
sopo wa ufa pang'ono, ndi kudikira.
Kenako kupinda m'mbali pang'onopang'ono
mpaka penti alire kuti thee,
chikhadabo chipeze polowera.
Wamadzi savuta, amasendeka ngati mbatata yophika.
Wamafuta ndiye mwini makani.
M'makona ndimamutokosa ndi kampatuko ka paini wa ku Chikangawa,
chifukwa mpeni umasiya mabala
ndipo m'mabalamo penti wamawa amakagwira kolimba.

Pamwamba pali buluu:
madesiki a sukulu ina ya ku Zolozolo,
omwe theka la ndalama yake tikulidikirabe.
Ndikamatula buluuyo ndipeza vanishi
wa bedi la ukwati wa ku Chibavi,
bedi lomwe linabweranso pangolo mvula isanagwe,
mwamuna yekha akufunsa ngati tingaligule.
Pansi pake wobiriwira wa okala ya a Nyaharawa,
amene anatilipira ndi matumba awiri a makala
ndi mawu ambiri.

Pansi penipeni, woyera.

Woyerayo ndikumudziwa.
Linali bokosi lalifupi, mkono wanga ndi theka,
usiku wa Febuluwale, madenga akulira ndi mvula.
Tinapaka mowunika ndi tochi ya foni,
bambo wake ali chiimire pakhomo, chipewa m'manja,
osafunsa mtengo, osakhala pansi.
Penti sanaume.
Analinyamula choncho, galimoto ya ku Ekwendeni ikuliza hutala,
zala zake zikusiya zidindo pachivundikiro.
M'mawa powerenga tinapeza kamwendo kamodzi palibe.
Kanamatirira kunsi, kanapita nawo.
Palibe ananena kuti tikakatenge.

Tinali khumi ndi tiwiri.
Kamodzi ndinapha ine, kena kali m'manda a eni,
kakusenzabe.

Madzi azizira, zala zachita makwinya,
beseni ladzaza makoko a mitundu yonse
ngati nkhuku zachilendo zasosoledwa m'menemo.
Mukafika kwanu, gwadani, suzumirani kunsi kwa tebulo lanu.
Mupeza timadontho tinayi pomwe bulashi sinafike.
Ndi pomwe linatsamira lisanaime palokha.
Wogula saona, wopala matabwa satchula.

Mwadzidzidzi babu yaphethira,
sowo yakuwa, a Chavula adumpha pabenchi.
Chitseko cha paini chikudikira kale, chofiira chikufunika Lachitatu.
Nditiyala padzuwa losaoneka la Mzuzu,
tonse khumi, tachikasu mwa apo ndi apo.
Pakamodzi patsala kachigamba koyera m'kona,
kochepa ngati njere ya mpunga.
Chikhadabo changa chafika pomwepo,
chaima,
ndipo ndakaika pansi pa chitsekocho kali choncho.