Ndege ya pa Kaunjika

Ndinalipeza pamsika wa Bangula,
pansi pa majekete amene palibe angawagule kuno
kumene mchenga umawotcha mapazi nthawi ya kadzutsa isanakwane.
Bokosi lophwanyika ngodya,
pamwamba pake ndege yojambulidwa mano ngati ng'ona.
Mayi wogulitsa anati, "Ingotengani ndi faifi handiredi,
mwana wanga wati ndi zidutswa chabe, siuluka."

Zidutswa makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri,
zotuwa, zolumikizana ngati minga ya nsomba yotsala m'mbale.
Malangizo ali m'chilankhulo chachilendo
koma mivi ndi manambala sizifuna womasulira.
Ine Zuze Alufandika,
wokonza mawotchi ndi mawayilesi pakhonde la sitolo ya a Khembo,
ndagwirapo tizinthu tochepa kuposa apa.

Ndimadula ndi lezala,
ndimapala ndi chopalira zikhadabo cha mkazi wanga iye asakudziwa.
Guluu wa m'bokosi anauma kalekale,
ndiye ndinagula womatira nsapato.
Dzuwa la Okutobala silidikira munthu:
ukadontheza, mata pomwepo,
ukachedwa, chala chako chasanduka phiko.
Thukuta linagwera pagalasi la woyendetsa
ndipo pakhala kamtambo mpaka lero.
Tsamba limodzi la pulopela munalibe.
Ndinasema lina ku supuni ya pulasitiki
imene tinadyera mpunga pa ukwati wa ku Tengani.

Esinati, chibwano patebulo, anafunsa,
"Ababa, yeniyeni munaionapo?"

Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, tsidya lija.
Tinagona chafufumimba m'mabango,
dzanja la amayi pakamwa panga likununkha utsi.
Mthunzi unayamba kudutsa, phokoso pambuyo.
Usiku tinaoloka Shire
pa bwato la munthu amene sanatchule dzina lake.
Mkulu wanga Fulansisiko anabwerera kukamasula mbuzi.
Mpaka pano akumasulabe mbuzi.

Zonsezi sindinamuuze.
Ndinati, "Gwira apa, usapume mwamphamvu."
Ndipotu iyi si imeneyo.
Iyi ndi ya nkhondo ina, yakale, ya kutali,
koma ukaziona uli pansi
mimba zawo zimafanana.

Woyendetsa ndi kamunthu kochepa ngati nyemba,
chipewa kumutu, manja pamaondo,
nkhope yosalala, yopanda maso.
Ndinaviika nsonga ya singano mu penti wa njinga,
ndinagwira mpweya,
ndinampatsa maso awiri.
Limodzi linakula kuposa linzake. Zilibe kanthu.
Ulendo uno ayang'ane pansi, aone.

Mabomba analipo awiri.
Limodzi linagubuduka patebulo, linagwa,
thadzi la a Khembo n'kulitola, kwiti!
Esinati analilondola tsiku lonse
atatseka makutu ndi zala, akufa nazo nseko,
kudikira kuti liphulike kuseri kwa bafa.
M'mawa mwake linaikira dzira.
Lotsalalo lili m'kabotolo ka timasikuluwu,
sindinaganizebe chochita nalo.

Zomata za m'mapiko zinang'ambika m'madzi,
nambala yake inatsala theka.
Ndinaimangirira ndi ulusi wa mbedza ku phaso,
pamwamba pa mzere umene madzi osefukira anasiya pakhoma.
Imapendekera kumanzere
chifukwa supuni ndi yolemera kuposa anzake.
Obwera ndi mawayilesi amafunsa mtengo,
wa kabaza wina anafika mpaka pa faifi sauzande.
Ndimawauza kuti guluu sanaume.

Madzulo magetsi akathima
Esinati amaiunika ndi tochi ya foni.
Mthunzi wake umakula, umadutsa pakhoma,
umadutsa pa kalendala, pa mawotchi oima,
umadutsa pa ine.
Mwana amaomba m'manja.
Ine ndimapezeka ndaweramitsa mutu pang'ono,
ndikuwerenga chamumtima,
kudikira phokoso.