Thabwa Loyedzamira Khoma

Juni wa pa Lizulu amaluma.
Madzi otawazira m'chigubu cha pamzikiti ali ngati lumo,
ndiye ndinangonyowetsa nsonga za zala
n'kudzipukuta kumaso,
poti panalibe wondiona.

Itatha swala ya m'bandakucha
Shehe Likonde anatikhazikanso pansi.
Anavala magalasi awo omanga ndi ulusi wa thumba la feteleza,
natsegula pa ndime ya achiphamaso,
aja ofanizidwa ndi matabwa oyedzamira khoma.
"Thabwa chifukwa chiyani?" anafunsa.

Che Sumani, kalipentala, anati:
loyedzamira silisenza denga,
silikhala chitseko, limangodya malo.
Mnyamata wa kabaza kumbuyo anati:
kunja n'kosalala, chiswe chili m'kati.
Wina anatsokomola. Wina anali atagona kale.

Ine maso anali pa mzere wakutsogolo,
pa mkanjo woyera wa Haji Mtalika,
amene dzina lawo linalembedwa ndi penti pakhoma
chifukwa cha malata khumi.
Mumtima ndinati, lero yawapeza.
Koma iwo ankayang'ana Che Sumani,
Che Sumani ankayang'ana wogona uja,
ndime n'kumayenda m'mzikiti ngati mbatatesi yotentha,
aliyense kuponyera mnzake.

Shehe anavula magalasi.
"Ndimeyi si tochi yowalitsira nkhope ya mnzako.
Amene anaimva poyamba ankasowa tulo,
aliyense kuopa kuti ikunena iye.
Ogona bwino usiku umenewo ndiwo inkawanena."
Kenako anapinda zala:
bodza pakamwa,
lonjezo losafika,
ndipo chala chachitatu chinatsala m'mwamba
chifuwa chitawagwira.
Tonse timachidziwa chala chachitatu.
Palibe anawamalizira.

Nkhungu inali isanachoke pamsewu
pamene ndinayala malonda,
Malawi kumsana, Mozambiki patsidya pa phula.
Ndowa yanga ija,
imene ndinaikhoma pansi ndi mwala usiku wina
kuti idzidzaza msanga.
Zikuluzikulu pamwamba,
timiyala ndi zoboola mbozi pakati.
Mayi wina anatsitsa galasi la galimoto ya ku Blantyre.
"Wallahi, mayi, zonse n'zofanana mpaka pansi."
Dzina la Mulungu linatuluka losapunthwa,
pa lilime lomwe lija
linati amini m'mawa.

Kenako Abiti Mkwanda,
mkazi wa malemu mkulu wanga,
kabichi pamutu, chidendene chong'aluka ndi chisanu.
Ndalama zawo za anyezi zili kwa ine chiyambire Ramazani,
anandisungitsa kuti ana asawapemphe.
Zina zili m'thumba la mbewu,
zina zili pa nsapato zimene ndavalazi.
Anandipatsa salamu.
Sanafunse.
Akanafunsa ndinali nayo kale "mawa, alamu,"
yofunda, yokonzeka pansi pa lilime.
Anadutsa, chala cha Shehe chili chiimire m'maso mwanga.

Ndinakhuthula ndowa pa chiguduli,
anzanga n'kumaseka, ati Twaibu wapenga.
Ndinaivundikira, n'kutola mwala.
Chitsulo chikapindika sichimva msanga.
Ndinamenya, ndinamenyanso,
chinabwerera pang'ono,
chipsera n'kutsala ngati cha pamphumi panga,
chimene sindidziwa ngati chinabwera ndi sijida
kapena ndi kukanikiza dala pa mkeka.

Masana muazini anaitana,
mawu ake akulimbana ndi mahutala a mathiraki.
Madzi anali asanafundebe.
Ndinapinda malaya mpaka m'zigongono,
ndinasamba katatu katatu,
pakati pa zala za kumapazi pomwe,
mano akugundana.

Ndikufuna kunena kuti ndinatero
chifukwa Iye amaona.
Koma kumbuyo kwanga kunali mthunzi wa mkanjo woyera,
Haji Mtalika akudikira chigubu,
ndipo mpaka pano, ndikulemba izi pa katoni ya sopo,
sindikudziwa kuti madzi aja
ndinasambira yani.