Pansi pa Nsalu ya Tebulo Lachinayi

Ntchito yanga ku Sheffield ndi kuvula matebulo a sunuka.
Ndimazula timisomali, ndimasenda nsalu yoperepeseka,
ndiyale ina yobiriwira ngati nazale ya fodya,
ndiikoke mpaka khwinya lomaliza litathawa.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.
Maondo anga amawadziwa makapeti onse
kuyambira ku Attercliffe mpaka ku Crookes.

Loweruka lija Ndaziona anabwera kudzandigwirira tochi,
jekete yake ikudontha mvula ya m'njira,
mabuku a kuyunivesite atawakulunga mu jumbo.
Anati: Bambo, tsekani maenje onse asanu ndi limodzi.
Mpira uchepe, ukhale kadontho.
Muuchotsere kutopa.
Muumenye kamodzi kokha. Upita kuti?
Ndinati uzingonjanja, mwana iwe,
mpaka a Ackroyd atathimitsa magetsi.

Anakachotsa galasi kuseri kwa bala osapempha,
naliimika m'mphepete mwa tebulo lachisanu.
Ndinamenya. Mpira wanga unagunda, unabwerera.
Koma wa m'galasi unapitiriza ulendo
pomwe mnzake anausiyira,
mzere wowongoka ngati chingwe cha mmisiri.
Mwaona? Mpira sukhota ayi.
Limatembenuka ndi tebulo.

Kenaka choko chabuluu pa mwala wosavala wa tebulo lachinayi.
Matebulo anayi oyalidwa ngati chitenje chofunyululidwa,
mbali iyi isokedwe ndi iyo,
mutu ulumikizane ndi mchira,
yatuluka nkhata.
Mpira ukungoizungulira, osadziwa kuti kunali makoma.
Tebulo lina la ngodya zitatu, anatero,
limabala nkhata ziwiri zophatikana
ngati zogwirira za sizasi yanuyi.

Ndinafunsa kuti boma la kuno limalipiradi zimenezi.
Anaseka mpaka kutsokomola.

Ndiye anajambula lake lenileni,
lomwe lamudyera zaka zitatu ndi chibwenzi chimodzi:
ngodya zitatu, imodzi yoyasamula kwambiri,
lophwatalala ngati denga logwa.
Pa tebulo lililonse lotere,
kodi ilipo njira yoti mpira ubwerere
pomwe unayambira, utayang'ana komwe unayang'ana,
nuyambirenso?
Ena amapezeka nayo. Koma onse?
Palibe akudziwa, Bambo. Ngakhale ondiphunzitsa.

Nanga ukalunjika pakona penipeni?
Anapukuta zala pa thalauzi.
Pamenepo masamu amangokhala chete.
Palibe kumanja, palibe kumanzere.
Tonse tinayang'ana kwina.
Amayi ake anamwalira m'nyengo ngati ino,
pa bedi la pakona, ku Northern General,
ndipo sitinatchule.

M'tiramu usiku anagona paphewa panga
ngati ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.
Pazenera nkhope yanga inkayenda pamwamba pa nyumba za njerwa,
munthu wina, wolowera kwina.
Ndinawerenga makoma anga:
esiteti ya ku Kasungu itatseka,
chipata cha Beitbridge,
kalata yoyamba yondikana, yachiwiri,
fakitale ya mipeni yomwe inanditenga miyezi inayi basi.
Ndinkati ndine munthu wobwezedwabwezedwa.
Mwina ndayenda mowongoka chichokereni,
maiko ndiwo akhala akugudubuzika pansi pa nsapato zanga.
Mwinanso ayi. Ndinali nditatopa,
ndipo mowa wa a Ackroyd ndi wamphamvu.

Lolemba ndinabwerera ndekha ndi chinkhupule.
Mwala uyenera kuyera nsalu isanayalidwe,
ndi lamulo lomwe ndimaphunzitsa anyamata.
Ndinaima. Denga lake logwa lija,
timizere tothamangitsana mkati mwake,
pambali kachizindikiro kofunsa kopendekeka.
Ndinabweza chinkhupule m'ndowa.

Tsopano Lachisanu lililonse madalaivala a basi
amasewera pa tebulo lachinayi,
kutukwana, kubetcherana mapaundi awiriawiri.
Mmodzi akuti mpira umapatuka pang'ono pafupi ndi pakati.
Ndayezapo kawiri. Ndi losalala.