Kuwerenga Masitepe ku Valparaíso

Kuchokera ku doko kukafika pakhomo panga
pali masitepe zana limodzi ndi asanu ndi atatu.
Zaka makumi atatu ndinkawakwera osawerenga,
manja akununkha chingwe cha sitima,
thumba la nsomba paphewa, ndudu pakamwa.

Masiku ano ndimawerenga.
Osati masitepe okha ayi.

Dokotala Quilodrán anandionetsa chithunzi:
mitsempha itatu yodyetsa mtima,
iwiri mafuta aitseka
ngati paipi ya kukhitchini kwa Herminda,
ndipo pamene magazi analephera kufika, chaka chija,
panatsala chipsera.
Akuti magetsi a mtima akafika pachipserapo amasochera,
amangozungulira pomwepo
ngati galu wosowa pogona.

Ine za magetsi sindizidziwa.
Ndimadziwa mamvekedwe ake:
gu, gu, gu, kenako zii,
kanthawi kokwanira kukumbukira ngongole zanga zonse,
ndiye gugugugu, kuthamangira zimene wasiya m'mbuyo,
ngati mbalame yolowa m'nyumba
yosaona pomwe pali zenera.

Anandisokerera kachitsulo pansi pa phewa lamanzere,
kochepa ngati bokosi la machesi.
Mlonda, anatero. Sagona.

Lachinayi lina, pa sitepe ya makumi asanu ndi limodzi,
mlondayo anadzuka.
Maso anayamba ndiwo kuchita mdima,
kenako phaa! theche la bulu m'kati mwa chifuwa.
Malalanje a Herminda anatsika okha kubwerera ku doko,
limodzi limodzi, osapupuluma,
ine nditakhala pansi, kamwa ikukoma chitsulo.
Mnyamata wa a Cárcamo anatola asanu ndi awiri.
Lachisanu ndi chitatu sitinalione.
Anandifunsa ngati ndaledzera.
Ndinaseka, poti mtima unali utabwerera mumzere
ngati mwana wokalipiridwa.

Tsopano m'mawa ndi mapiritsi anayi,
koyera kamagawidwa pakati ndi mpeni.
Mchere anaubisa kuseri kwa ufa.
Ndudu ndinasiya, koma zala sizinamve,
zimapitabe m'thumba la malaya.

Usiku Herminda amayesa ndagona.
Amatsamiritsa khutu kumsana kwanga,
mpweya wake ataugwira,
milomo ikuwerenga chamumtima.
Ukadumpha, chala chake chimandifinya pang'ono.
Ukabwerera, amapuma.
Sindinamuuzepo kuti ndimamva.
Naye sanandiuzepo chiwerengero chimene amapeza.

Mawa kuli msika.
Ndidzatsika, pakuti kutsika sikuvuta.
Pobwerera ndidzaima pa makumi atatu,
ndidzaimanso pa makumi asanu ndi limodzi,
pamene khoma analipaka utoto wobiriwira,
n'kumayang'ana sitima zikulowa
ngati munthu amene wangoimira kuona sitima.